TV ya 4K yosewererapo magemu: yankho kwa mnzathu wa ku Kamwendo

Mnzathu wina wa ku Kamwendo, kuno ku Mchinji, wanditumizira imelo. Akuti ali ndi PS4 (makina a magemu a PlayStation 4) yomwe amasewererapo FC, gemu ya mpira wamiyendo, ndi GTA V, komanso kompyuta ya pa desiki yomwe anagula yogwirapo kale ntchito. Akagulitsa soya ndi mtedza chaka chino akufuna TV ya 4K, poti m'tsogolomu mtima wake uli pa PS5. Ndalama ndi zochepa. Akufunsa kuti agule yotani, ya mainchesi angati, komanso ngati kukagula ku Chipata kuli bwino kusiyana ndi ku Lilongwe.

Achimwene, zikomo polemba. Mitengo sinditchula, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo womwe mwauzidwa Lolemba pofika Lachisanu umakhala utasintha. Chomwe ndikufuna n'choti mukaima m'shopu, wogulitsa akukutamandirani katundu wake, muzidziwa nokha poyang'ana.

Tiyambe ndi PS4 yanuyo. Kaya ndi yoyamba ija ya 2013 kapena Slim, imatulutsa chithunzi cha 1080p basi, kutanthauza timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. TV ya 4K ili ndi timadontho 3840 ndi 2160, kuchuluka kwake kuwirikiza kanayi. Mukalumikiza PS4 wamba ku TV yotere, TV imangotambasula chithunzi chomwecho kuti chidzaze sikirini, siiwonjezerapo kanthu. Ndi PS4 Pro yokha, ya 2016, yomwe imayesako 4K. Ndiye tsiku loyamba musadzakhumudwe poona udzu wa m'bwalo la FC uli chimodzimodzi ngati kale. Komabe sindikukuletsani, chifukwa TV imakhala zaka zambiri m'nyumba kuposa makina a magemu, ndipo 1080 imalowa kawiri ndendende mu 2160, kotero chithunzi cha PS4 chimaoneka chaukhondo pa TV ya 4K.

Chomwe chimasiyanitsa TV yosewererapo ndi TV yoonerapo nkhani sichilembedwa kawirikawiri pa katoni. Ndi kuchedwa komwe kumakhalapo kuchokera pomwe mwadina batani pa pad kufika pomwe wosewera wanu wamenya mpira, komwe osewera amati input lag. TV ikalandira chithunzi siichionetsa nthawi yomweyo. Imayamba yachisalaza, kuchikometsa mitundu, nthawi zina kupanga zithunzi zake zoika pakati kuti zinthu ziziyenda mofewa. Poonera MBC kapena Zodiak zimenezi zilibe vuto, palibe yemwe amadziwa kuti wowerenga nkhani wachedwa pang'ono. Pa gemu ndiye tsoka. TV zambiri zikasiyidwa momwe zabwerera zimachedwa ndi mamilisekondi oyandikira 100, pomwe gemu yoyenda pa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi 16.7 aliwonse. Mukamadina kuti mulande mpira, mnzanu amakhala atadutsa kalekale, inu n'kumanena kuti pad yatha kapena mnzanuyo wakhwima.

Mankhwala ake ndi Game Mode, yomwe imazimitsa zokometsa zonsezo. Pa TV za makampani odziwika monga Hisense, TCL, Samsung ndi LG, ngakhale zotsika mtengo, Game Mode imatsitsa kuchedwako kufika pakati pa mamilisekondi 10 ndi 20. Pa TV zopanda dzina lenileni, nthawi zina mawu oti "Game" amapezeka ndithu mu menyu, koma amangosintha mitundu, kuchedwa kuli pomwepo. Njira yodziwira ndi imodzi: ikani PS4 yanu, pad ndi chingwe cha HDMI m'chikwama, mupite nazo ku shopu. Pemphani kuti mulumikize, sewerani theka la gemu ya FC Game Mode ili yozima, kenako muyatse. Manja anu adzakuuzani kusiyana kwake. Wogulitsa akakana kuti muyese, tsanzikani mwaulemu. Kanema wa maluwa ndi zipatso yemwe amaonetsa m'shopu uja amachokera pa flash, TV itaikidwa pa kuwala kothera, ndipo TV iliyonse imaoneka yokongola nayo. Mukaona mawu oti ALLM pa katoni, ndi bwino: TV imalowa yokha mu Game Mode ikazindikira PS5 kapena Xbox.

Tsopano nkhani ya 120Hz, kutanthauza sikirini yosintha chithunzi maulendo 120 pa sekondi, pomwe anthu ambiri amadyeredwa ndalama. Manambala a pa katoni muziwakhulupirira momwe mumakhulupirira sikelo ya vendor wa soya. Mukaona Motion Rate 120, TruMotion 120, Clear Motion Index kapena Motionflow XR ndi nambala yaikulu, kawirikawiri sikirini yake ndi ya 60Hz, nambalayo ndi ya zokometsa zomwe zija Game Mode imazimitsa. Ma TV ena a Hisense ndi TCL amafikadi pa 120, koma podula pakati mizere ya chithunzi, ndiye 4K imakhala itachoka. Ngakhale mawu oti HDMI 2.1 masiku ano sakutsimikizira kanthu, chifukwa malamulo ake amalola kampani kulemba choncho ngakhale TV ili ndi mbali imodzi kapena ziwiri zokha za 2.1. Chomwe chimatsimikiza ndi mawu oti "4K 120Hz" olembedwa pambali pa bowo lenileni la HDMI kumbuyo kwa TV, kapena m'kabuku kake.

Koma kodi mukuifunadi 120? PS5, yomwe inatuluka mu November 2020, imatha kutulutsa 4K pa 120Hz, inde. Koma FC imaseweredwa pa 60, GTA V ya PS5 imathera pa 60, ndipo magemu ambiri a nthano amakupatsani kusankha pakati pa 30 ndi 60. Omwe amapindula ndi 120 ndi a Call of Duty ndi Fortnite, omwe amalimbana ndi anthu pa intaneti, ndipo kwa ife amene timadalira bando ya Airtel kapena TNM, kuchedwa kwa netiweki kumameza phindu lonselo. TV ya 120Hz yeniyeni ndi yokwera mtengo kwambiri kuposa ya 60Hz ya saizi yomweyo. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga ya 4K 60Hz ya kampani yodziwika, yokhala ndi Game Mode yogwira ntchito ndi mabowo atatu a HDMI: la PS, la kompyuta ndi la dikoda.

Mukafika nayo kunyumba pali kena kobisika mu menyu koyenera kuyatsa, apo ayi bowo la HDMI limagwira ntchito ngati lachikale. Samsung amati Input Signal Plus, LG amati HDMI Ultra HD Deep Colour, Hisense ndi Sony amati Enhanced format. Anthu ambiri ali ndi TV za 4K zomwe sizinaonetsepo 4K yathunthu chifukwa cha kameneka.

Kompyuta yanu ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa PS4. Simunandiuze mtundu wake, koma ngati ili imodzi mwa zija zochokera m'maofesi a kunja, za Dell kapena HP, yang'anani kumbuyo kwake lero lomwe. Zambiri zili ndi mabowo a VGA ndi DisplayPort basi, pomwe TV za 4K zilibe VGA. Mudzafunika kachingwe kosinthira DisplayPort kukhala HDMI, ndipo kuti mupeze 4K pa 60Hz kayenera kukhala kolembedwa kuti active. Ngati ili ndi HDMI, funso ndi loti ya mtundu wanji. HDMI 1.4 imanyamula 4K pa 30Hz yokha, ndipo pa 30Hz ngakhale mausi imaoneka ngati ikukokedwa m'matope. HDMI 2.0, yonyamula 18 Gbps, ndiyo imafika pa 60. Malaputopu ambiri akale nawo ali ndi 1.4. Mu Windows pitani pa Advanced display muone nambala yomwe yalembedwa.

Kuonetsa 4K ndi kusewera gemu pa 4K ndi zinthu ziwirinso zosiyana. Khadi ya zithunzi ngati GTX 1650 imachita bwino pa 1080p, koma timadontho toposa 8 miliyoni pa chithunzi chilichonse siingathe kutisenza m'magemu atsopano. Musaikakamize. Windows ikhale pa 4K kuti malemba azioneka bwino, gemu ikhale pa 1080p. Ndipo ngati mudzalembapo kapena kuwerengapo, sinthani dzina la bowo la HDMI mu menyu ya TV kuti likhale "PC". Pa TV zambiri izi zimatsegula chomwe amati chroma 4:4:4, chomwe chimachotsa kufiira ndi kubiriwira m'mphepete mwa zilembo. Ngati mukugula yakale, chenjeraninso ndi ma LG ena otsika mtengo a m'zaka za 2016 mpaka 2018 omwe anali ndi sikirini ya RGBW. Mafilimu amaoneka bwino, koma zilembo zing'onozing'ono zimakhala zamanomano.

Za HDR, njira yoti powala paziwala kwambiri ndipo pamdima pazioneka bwino, sindichedwapo. Pafupifupi TV iliyonse ya 4K imalemba HDR, koma zotsika mtengo kuwala kwake kumathera cha m'ma 300 nits, komwe ndi kochepa kuti HDR ioneke momwe iyenera kuonekera. Nthawi zina chithunzi chimada m'malo mokongola. Yesani, ikapanda kukusangalatsani zimitsani. Musalipirenso ndalama zoonjezera chifukwa cha Dolby Vision, PS5 siigwiritsa ntchito.

Mtundu wa sikirini, IPS kapena VA, umadalira momwe mumasewerera. Ngati Loweruka pabalaza pamadzaza anzanu, ena pa mpando ena pa mkeka chakumbali, IPS ndiyo yabwino, chifukwa mitundu siisintha mukaonera pambali. Ngati mumasewera nokha usiku nyale itazima, VA imaonetsa mdima wakuda bii, pomwe IPS imaonetsa wotuwa. Wogulitsa mwina sadziwa kuti yake ndi iti. Imani kutsogolo kwa TV, kenako sunthirani kumbali: mitundu ikafwifwa msanga, ndi VA.

Saizi yake, mainchesi 43 kapena 50 akukwanirani. Ubwino wa 4K umaoneka mukakhala pafupi, mita imodzi ndi theka kapena awiri. Mukakhala uko kukhoma lina, diso silisiyanitsa 4K ndi 1080p. Ya mainchesi 32 yotchipa yolembedwa 4K muikayikire, chifukwa zambiri za saizi imeneyi zili ndi timadontho 1366 ndi 768, zosafika ngakhale pa Full HD. Mawu oti "4K supported" amangotanthauza kuti imalandira chithunzi cha 4K n'kuchichepetsa. Ziliponso zomatidwa dzina la kampani yaikulu kutsogolo, mkati muli zina. Onani nambala ya model kumbuyo, muifufuze pa foni muli pomwepo, ndipo muyerekeze ndi yomwe ikuoneka mu menyu. Zikasiyana, kapena nambalayo ikapanda kupezeka pa tsamba la kampaniyo, isiyeni.

Za ku Chipata ndikumvetsa chifukwa chake mwafunsa, kwa ife a ku Mchinji ndi pakhomo. Magetsi ndi ofanana, 230V, ndiye TV ya uko imagwira ntchito kuno popanda vuto. Koma werengerani zonse: kugula kwacha ya Zambia, thiransipoti, ndi msonkho wa MRA pa chipata cha Mwami. Zodutsa njira zachidule pa njinga ndi katoni ya mainchesi 50 sindingakulangizeni. Mukhoza kulandidwa, ndipo sikirini ya TV imasweka mkati ndi kugwedezeka kokha, kunja ikuoneka yabwinobwino. Chachikulu ndi waranti. TV ikayamba mizere patatha miyezi itatu, kodi mudzawoloka nayo malire kubwerera? Kuchokera pa boma la Mchinji, ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110 pa M12, ndipo mutha kukaima pakhomo la shopu ndi lisiti m'manja. Kulikonse mungagule, lisitilo alembepo siriyo nambala ndi kutalika kwa waranti, ndipo ponyamula TV iime chilili, osaigoneka pansi pa matumba mu Sienta. Mukakopeka ndi ya kaunjika, werengani kapepala ka kumbuyo: za ku UK zimagwirizana ndi magetsi ndi mapulagi athu, koma ya ku Japan ikhoza kukhala ya 100V yokha, ya ku America 120V. Ikani chithunzi choyera mbee, kenako chakuda, muone ngati mulibe timadontho takufa kapena mabala owala.

Pa ndalama zomwe mwasunga, patulani kaye ya TV guard musanayambe kusankha TV. Magetsi a ESCOM akazima n'kubwera, mphindi zoyambazo ndi zomwe zimapsereza zinthu, ndipo guard imadikira kaye kuti akhazikike isanawalowetse. TV, PS4 ndi kompyuta zonse zidutse pamenepo. Nyengo ya mvula guard siiteteza ku chiphaliwali cholowera pa chingwe cha dishi kapena eriyo. Chimadutsa mu dikoda n'kukapha mabowo a HDMI, TV n'kumayaka bwinobwino koma osaonanso PS. Kukayamba kugunda zulani pulagi, muzulenso chingwe cha dishi. Ngati mumadalira sola, dziwani kuti PS5 yokha imadya mawatsi oyandikira 200 gemu ikamaseweredwa, osawerengera TV, pomwe Xbox Series S siifika theka la pamenepo. Inveta yanu ikhale ya pure sine wave.

Zikavuta kuti soya sanagulidwe bwino ndipo ndalama sizikufika pa TV ya kampani yodziwika, musathamangire yopanda dzina chifukwa choti yalembedwa 4K. Monita ya kompyuta ya mainchesi 24, ya 1080p yokhala ndi HDMI, imagwirizana ndendende ndi PS4 yanu ndi kompyuta yomwe, kuchedwa kwake ndi kochepa kwambiri, ndipo PS5 ikadzabwera idzagwiranso ntchito pomwepo. Mudzangofunika sipika kapena mahedifoni, poti zambiri zilibe mawu. Mukapeza TV ziwiri kapena zitatu zomwe zakugwirani mtima, jambulani kapepala ka kumbuyo kwa iliyonse komanso kumbuyo kwa kompyuta yanu, munditumizire tione limodzi musanapereke ndalama.