Galimoto yamagetsi ikukana kutchaja: musathamangire kugula batire lalikulu

Bambo wina amene ali ndi Nissan Leaf ya 2018 wandilembera imelo. Akuti: "Ndikalumikiza chingwe madzulo, magetsi abuluu a pa dashibodi amaphethira pang'ono, kenako zii. Kukacha batire lili pomwe linali. Makaniko akuti batire lalikulu latha, ndigule lina. Kodi n'zoona?"

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Kawirikawiri batire lalikulu silifa usiku umodzi. Limatha pang'onopang'ono kwa zaka, mtunda umene munkayenda n'kumafupika, ndipo pa Leaf mumachita kuona timizere 12 tosonyeza thanzi la batire tikuchepa kamodzikamodzi. Zimene mwafotokozazi zikumveka zina.

Chingwe cha galimotoyi musachione ngati cha ketulo, chomwe mukangolowetsa pa soketi magetsi ayamba kuyenda. Galimoto ndi tchaja zimayamba zagwirizana kaye kudzera pa kawaya kakang'ono ka m'pulagi. Tchaja imanena kuchuluka kwa magetsi amene ingathe kupereka, galimoto imayankha kuti yakonzeka, ndipo apo m'pamene mumamva kaphokoso ka swichi, magetsi n'kutseguka. Mbali imodzi ikakayikira chilichonse, sipayenda kanthu. Ndiye funso lenileni ndi lakuti: akukana ndani, ndipo chifukwa chiyani?

Ine woyamba kumukayikira ndi batire laling'ono la 12V, lofanana ndi la galimoto ya petulo. Anthu ambiri amadabwa kumva kuti galimoto yamagetsi ilinso nalo. Ilo ndi limene limadzutsa makompyuta ndi kuyatsa maswichi akuluakulu olumikiza batire lalikulu ku galimoto yonse. Likafooka, batire lalikulu limangokhala lodzitsekera, kaya lili ndi moto kapena ayi. Choipa chake n'chakuti silichenjeza. Galimoto ya petulo imayamba kulira mokoka m'mawa, mwini wake n'kudziwa kuti zinthu sizili bwino. Yamagetsi ilibe sitata, choncho mumangoona zizindikiro zosamveka mutu wake. Bwerekani mita yoyezera mphamvu ya batire, muliyese galimoto itazima kwa maola angapo. Batire labwino limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likatsika kufika cha m'ma 12.0V kapena pansi, latopa. Ngati simunalisinthepo chigulireni galimotoyi, ndingadabwe kwambiri likapezeka kuti silikukhudzidwa.

Musanapite kokabwereka mitayo, onani za nthawi yotchajira. Leaf ili ndi taimala, ndipo galimoto yogula kwa munthu wina imabwera ndi maola amene mwini wake wakale anaika, mwina pakati pa usiku, wotchi yakenso ili yosokonekera. Pali batani lolamula kuti itchaje pompopompo. Lidineni chingwe chili cholumikiza. Zochititsa manyazi, koma anthu ambiri avutika ndi kanthu kameneka.

Kenako tibwere ku khoma la nyumba yanu. Kabokosi kamene kali pa chingwe sikokongoletsa, kamafufuza ngati soketi ili ndi waya wa earth wabwino, ndipo ngati palibe kamakana. Wailesi ndi firiji zimayaka pa soketi yomweyo osadandaula, n'chifukwa chake munthu amalumbira kuti soketi ili bwino. Werengani timagetsi ta pa kabokosiko, tanthauzo lake kawirikawiri limalembedwa kumbuyo kapena m'buku la galimoto. Ngati mwaikapo ekisitenshoni, chotsani. Galimoto imakoka magetsi ambiri kwa maola ochuluka osapuma, waya woonda amatentha, ndipo nyumba zimapsa ndi zotere. Pulagi ikamatentha moti simungaigwire, kapena ngati pa soketi pada, itanani wamagetsi. Unikaninso ndi tochi m'kamwa motchajira: fumbi, madzi, kapini kopindika, kapena pulagi yosalowa mpaka kumapeto.

Njira yodula nkhani ndi kukayesa kwina. Ikakatchaja pa tchaja ina, vuto lili pa chingwe chanu kapena m'nyumba. Leaf ili ndi makomo awiri otchajira: laling'ono la magetsi wamba a m'nyumba otchedwa AC, ndi lalikulu lotchedwa CHAdeMO lotchajira mwachangu ndi DC, mtundu wa magetsi amene batire limasunga. Magetsi a AC amadutsa kaye pa tchaja ya m'kati mwa galimoto, imene imawasandutsa DC, pamene a CHAdeMO amailambalala. Choncho ikalola pa CHAdeMO koma n'kumakana AC kulikonse, batire lalikulu lilibe mlandu, wodwala ndi tchaja ya m'katiyo kapena mawaya ake.

Dziwaninso kuti soketi wamba ya 230V yopereka 10A imangotulutsa 2.3 kW. Batire la 40 kWh, lomwe Leaf ya 2018 ili nalo, limafuna maola oposa 17 kuti lidzadze kuchokera pansi. Ena amati siikutchaja pamene ikungotchaja mwaulesi.

Zonsezi zikalephera, m'pamene mupite kwa katswiri amene ali ndi kompyuta yowerengera zolakwika, ndipo akuonetseni nambala ya vutolo asanatchule mtengo wa chilichonse. Mawaya a mtundu wa olenji okhawo musawakhudze, ngakhale makaniko amene sanaphunzire za galimoto zamagetsi asawayandikire. Mumadutsa ma volt oposa 300. Mukayesa batire laling'onolo mundilemberenso nambala imene mita yaonetsa.