Tsiku losamuka: lole ikafika, tiyambire pati?

Mayi wina wandilembera imelo. Akusamuka kumapeto kwa mwezi uno kukalowa m'nyumba ya lendi yokulirapo, ali ndi ana awiri aang'ono, ndipo bambo a kunyumba kwawo akuti katundu yense amasulidwe tsiku lomwelo kuti zithe. Funso lawo ndi lakuti ayambire pati kuti usiku woyamba asagone pakati pa makatoni.

Mayi, abambowo muwauze mwaulemu kuti zimenezo sizitheka, komanso sizofunika. Tsiku losamuka lili ndi ntchito ziwiri basi: kuiyendera bwino nyumba katundu asanalowe, ndi kukonza pogona. Mbale za alendo ndi zithunzi zapakhoma zidikire.

Ndikhalitsa pa ntchito yoyambayo chifukwa ndi imene ambiri amaidumpha. Nyumba yopanda kanthu mumaiona kamodzi kokha; kabati ikangotsamira khoma, zomwe zili kuseri kwake mudzaziona tsiku lotuluka. Choncho inu mutsogole ndi ola limodzi kapena awiri, abambo atsale ndi lole. Mukalandira makiyi tulutsani foni. Jambulani mita ya magetsi ndi ya madzi, manambala azioneka bwino. Jambulaninso ming'alu, magalasi osweka, matailosi othyoka, madontho achikasu pa siling'i ndi chuku m'makona a bafa, kenako zithunzizo mutumizireni landilodi tsiku lomwelo. Sikumukayikira ayi. Kungoti pakadzatha zaka ziwiri palibe amene adzakumbukire kuti chitseko cha kukhitchini chinali chothyoka kale, ndipo mkangano wa dipoziti umayambira pomwepo.

Mukatero fufuzani zinthu ziwiri zomwe munthu amazifuna usiku atasokonezeka: swichi yaikulu ya magetsi, ndi potsekera madzi a nyumba yonse, pomwe nthawi zambiri pamakhala pafupi ndi mita kapena pansi pa sinki. Pali kayesedwe kena kosavuta. Tsekani mipopi yonse, muime pa mita ya madzi kwa mphindi zingapo. Ikamayendabe, ndiye kuti penapake pakudontha, kaya m'thanki ya chimbudzi kaya paipi yapansi, ndipo bilu yake idzagwera inu. Masoketi ayeseni limodzi limodzi ndi chaja ya foni.

Ngati nyumbayo yakhala yopanda anthu kwa milungu, tsegulani mawindo ndipo musiye madzi atuluke m'mipopi ndi m'shawa kwa mphindi zingapo musanamwe kapena kusambitsa ana. Madzi okhalitsa m'mapaipi amatenga dzimbiri, komanso mabakiteriya otchedwa Legionella amaswana m'madzi osayenda ofunda pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo amalowa m'mapapo munthu akapuma nthunzi ya shawa. Unikaninso ndi tochi m'ming'alu ya m'zipinda zogona. Timadontho takuda ngati ta inki ndi chizindikiro cha nsikidzi, zomwe zimatha miyezi osadya zikudikira wobwera. Mukaziona, matiresi asalowe m'chipindamo mpaka mupoperedwe mankhwala. Kenako sesani, kolopani, ndipo lole ifike pansi pataumapo.

Za loko ndinene mwachidule: simudziwa kuti makiyi a nyumbayo ali ndi anthu angati. Pemphani chilolezo kwa eni nyumba musinthe wa chitseko chakunja, ngakhale mulipire nokha.

Potsitsa katundu, munthu mmodzi aime pakhomo osanyamula kalikonse, ntchito yake ikhale kuloza kokha: ichi kuchipinda, icho kukhitchini. Zikuoneka ngati ulesi koma zimapulumutsa msana, chifukwa sofa yotulidwa polakwika imanyamulidwa kawiri. Zazikulu zilowe poyamba, makatoni pambuyo, ndipo aunjikidwe mbali imodzi ya chipinda kuti njira ikhalepo. Mukamalongedza, lembani dzina la chipinda m'mbali mwa katoni, osati pamwamba, poti akasanjikizana pamwambapo sipaoneka.

Firiji musaithamangire. Ikagwedezeka panjira, mafuta a mu kompuresa amalowa m'mapaipi ake, ndiye imafunika iime chilili kwa maola osachepera 4 isanayatsidwe. Ngati inayenda chogona, ipatseni maola 24. Ngati makina ochapira ali ndi mabawuti kumbuyo ogwira dilamu paulendo, muwachotse musanachape. Silinda ya gasi mukailumikiza, pakani thovu la sopo polumikizirapo. Likamatukusira ndiye kuti gasi akutuluka. Machesi ayi. Ndipo magetsi akakhala kuti sanalumikizidwe, jenereta kapena moto wamakala zisagone nanu m'nyumba: mpweya wake wa carbon monoxide ulibe fungo, umapha anthu ali m'tulo.

Tsopano pogona. Mabedi amangidwe ndi kuyalidwa dzuwa likadalipo, mphamvu zikadalimo, kuyambira a ana. Ndaona anthu ambiri akutha masana onse kusanja makapu, n'kumafufuza sipanala ya bedi 10 koloko usiku mwana akulira. Mabawuti a bedi lililonse muwamange m'kapepala ka pulasitiki n'kumata pa bedi lomwelo. Makatani a m'zipinda zogona apachikidwe kusanade. Ngati sanapezeke, nsalu yoyala pabedi igwira ntchito usiku umodzi.

Chomwe chimapangitsa zonsezi kuyenda ndi chikwama chimodzi chomwe sichikwera lole, chimayenda ndi inu. Muikemo zofunda, matawulo, sopo, miswachi, tishu, mababu awiri, tochi, machaja, mpeni wodulira tepi, mankhwala omwe wina amamwa tsiku ndi tsiku, zikalata zofunika, zovala zamawa, ndi chidole kapena kabulangete komwe mwana sagona popanda iko. Ana aang'ono sasamala kuti pabalaza pali bwanji. Amafuna fungo la pilo wawo ndi kugona nthawi yomwe anazolowera. Muwayendetse nyumba yonse kukadali kowala, muwaonetse chimbudzi, ndipo usiku musiye nyale ya m'kolido yoyaka. Mashelefu ndi makabati ataliatali omwe sanamangiriridwe kukhoma akhale kutali ndi komwe akusewera, chifukwa mwana akakwerapo amagwa nawo.

Abambo ngati akadali ndi mphamvu madzulo, apatseni mababu, loko ndi makatani, akaperekenso moni kwa oyandikana nawo n'kufunsa tsiku lotaya zinyalala. Khitchini muiyambe mawa m'mawa mutapuma, chipinda chimodzi chithe musanayambe china, ndipo katoni iliyonse yomwe yatha muziiphwasula n'kuitulutsa panja, chifukwa mphemvu zimakonda kubisala ndi kuikira mazira m'makatoni.