Kutsika m'phompho n'kosavuta, nkhani ili pobwerera

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Kamuzu Road, ku Salima. Akuti ali pagulu la anthu 11 omwe Loweruka lina lililonse amakwera mapiri a ku Senga Bay, ndipo chaka chino akhala akuponya ndalama pamodzi kuti akaone chipululu cha ku Namibia. Anaona zithunzi za phompho lalikulu la kumeneko lotchedwa Fish River Canyon pa Facebook, mtima unadumpha. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi tingathe kutsikira pansi m'mawa n'kubwerako madzulo? Nanga tinyamule chiyani?"

Achemwali, ndiyambe ndi yankho lokhumudwitsa. Ayi, simungathe, ndipo si chifukwa cha miyendo yanu. Eni malowo salola munthu kutsikira m'phompho limenelo kwa tsiku limodzi. Wotsika amayenera kuyenda ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 85, kuchokera ku Hobas mpaka ku akasupe otentha a ku Ai-Ais, masiku anayi kapena asanu akugona pamchenga. Amafuna kalata ya dokotala yosonyeza kuti muli bwino, gulu lisachepere anthu atatu, ndipo njirayo imatsegulidwa kuyambira Meyi mpaka pakati pa Seputembala basi. Miyezi ina yonse kumatentha moti nkhani imeneyo saimva n'komwe. Wa tsiku limodzi amangoyenda m'mphepete pamwamba, kusuzumira pansi pomwe malo ena pali mamita 550, kujambula n'kubwerera.

Lamuloli poyamba ndinkaliona ngati nkhanza. Ndinasintha maganizo kwathu konkuno.

Okutobala wina, tili anthu asanu ndi awiri, tinasiya galimoto pamsewu wotsika kuchokera ku Mvera kupita ku Salima, n'kulowa m'chigwembe china kuti tikaone komwe khwawa lake likuthera. Potsika kunali kuseka kokhakokha. Miyendo imangopita yokha, madzi tikumwa ngati tili pamjigo, wina mpaka kusambako kumaso. Titatembenuka cha m'ma 11 koloko, phiri lonse lija tinatsika lili patsogolo pathu, dzuwa lili paliwombo, m'mabotolo mwatsala tokhatokha. Ulendo womwe tinatsika ola limodzi ndi theka tinaukwera maola anayi, ndipo mnzathu wina tinachita kumukoka, milomo itayera.

Pamenepa ndi pomwe phompho limasiyana ndi phiri. Mukamakwera Senga, kapena Mulanje amene, chikweza chimabwera koyamba, muli ndi mphamvu, kunja kukadali kozizira. Mukatopa mumangotembenuka, mtsetse n'kukuperekezani kwanu. M'phompho zonse n'zozondoka: chofewa chili koyambirira, chowawa chili kumapeto, ndipo kutopa sikukupatsani njira yothawira chifukwa njira yake ndi chikweza chomwecho. Kuwonjezera apo pansi ndi potentha kuposa pamwamba, miyala imasunga moto ngati phale, mphepo silowa. Ku Grand Canyon ku America, komwe kuya kwake kumafika mamita 1,800, oyang'anira malowo amachenjeza anthu kuti asayese kukafika ku mtsinje wa Colorado n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo amati nthawi imene mwatsikira muiwirikize kawiri pokwera. Ine nditaona za ku Mvera zija ndimati katatu ngati pagulu pali wina wosazolowera.

Ndiye mukakhala 11, gwirizanani zinthu ziwiri musananyamuke: ola lotembenukira, ndi mlingo wa madzi wotembenukira. Likakwana olalo, kapena munthu mmodzi yekha akamwa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi ake, nonse mubwerere, ngakhale malo okongola aja akuoneka apo. Pamakhala wina nthawi zonse woti "tingofika pamwala uwo", ameneyo musamumvere, ndipo kawirikawiri ndi yemwe amayamba kudandaula pobwerera. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Woyenda pang'onopang'ono akhale wachiwiri pamzere, wamphamvu kwambiri atsekere kumbuyo, ndipo pamphambano iliyonse muwerengane. Netiweki m'maphomphomo kulibe, wosochera simungamuimbire.

Za katundu sindichulukitsa. Madzi malita anayi munthu aliyense, osachepera, ndipo aliyense anyamule ake. Zoti wina asenze chigubu cha gulu lonse zimathera pa mkangano, komanso iye akatsalira nonse mwatsala opanda madzi. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho yesani chikwamacho kunyumba. Madzi okha sakwanira, thukuta limatuluka ndi mchere, ndipo munthu womwa madzi ambiri osadya kanthu amatha kudwala mofanana ndi waludzu. Tengani mtedza wothira mchere, mbatata yootcha, ndi timapaketi ta Thanzi. Chipewa chachikulu, malaya a mikono yaitali, nsapato zakale zomwe phazi linazolowera (zatsopano zisiyeni, matuza ake mudzanditukwana), ndi tochi. Nyamukani kusanache kuti pofika 10 koloko mukhale mwayamba kale kubwerera. Wina akayamba kulankhula zosokonekera kapena kudzandira, muikeni pamthunzi, munyowetseni thupi lonse, mumukupize, ndipo awiri apite kukaitana thandizo. Kumeneko si kutopa wamba, munthu amafa nako.

Chinanso chomwe anthu sachiganizira m'chipululu ndi madzi osefukira. Inu a ku Salima mukudziwa mmene Linthipe amadzazira kukugwa mvula ku Dedza, kwanu kuli ngwee. M'maphompho opapatiza zimachitika chimodzimodzi, koma mulibe kothawira. Mu Ogasiti 1997 ku Antelope Canyon, m'chigawo cha Arizona ku America, alendo 11 anafa ndi madzi a mvula yomwe inagwa kutali ndi pomwe iwo anali. Madzi saiwala khwawa. Mukaona mitambo yakuda kumtunda, tulukani.

Ngati ku Namibia mukapitebe, malo oyenera tsiku limodzi alipo. Sesriem Canyon, pafupi ndi milu ya mchenga ya ku Sossusvlei, ndi lalitali pafupifupi kilomita imodzi ndipo kuya kwake ndi mamita 30 okha. Linakumbidwa ndi mtsinje wa Tsauchab, ndipo dzinalo likuchokera pa zingwe zisanu ndi chimodzi zachikopa zomwe apaulendo akale ankalumikiza kuti atunge madzi pansi pake. Mumalowa, kuzungulira, n'kutuluka musanamve ludzu.

Koma ndisanaone tikiti ya basi, ndikufuna ndimve kuti mwayesako kuno. Pitani ku nkhalango ya Thuma, kapena ya Nkhotakota yomwe a African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2015. Kumeneko musalowe nokha, pezani mlonda wa nkhalangoyo akutsogolereni, chifukwa njovu pafupifupi 500 zomwe anasamutsa ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 zili ku Nkhotakotako, ndipo kashembe amakonda zovala zakuda ndi zabuluu. Sankhani njira yoyamba ndi kutsika, munyamule malita anayi aja, ndipo mukabwerako mundilembere kuti ndani anayamba kupempha madzi a mnzake.