Yankho kwa achemwali pa nkhani ya gemu ya Zelda

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndauona pagulupu, koma ndati ndingoyankha pakamwa, kulemba zitalika. Mwati mnyamata wathu wapempha Zelda ya Khirisimasi, alamu alowa mushopu ku Johannesburg n'kupeza mabokosi angapo, onse a Zelda, ndiye mukufunsa kuti yeniyeni ndi iti, komanso ngati mulibe zaufiti. Chabwino, tamverani.

Onsewo ndi enieni. Zelda si gemu imodzi ayi. Ndi magemu ambirimbiri a kampani ya ku Japan ya Nintendo, ndipo yoyamba inatuluka mu 1986, ine ndi inu tisanaone n'komwe TV. Anaiyambitsa ndi Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka, Miyamoto yemweyo wa gemu ya Mario. Ndipo musadabwe mukaona kamnyamata ka makutu osongoka pabokosi, ameneyo si Zelda. Ameneyo ndi Link. Zelda ndi mwana wamkazi wa mfumu ya dziko lopeka la Hyrule, ndipo mdani wawo nthawi zambiri amakhala Ganon. Mukatchula Link kuti Zelda pamaso pa mwanayo akusekani mpaka chaka chamawa.

Tisanapite patali, makina. Magemu amenewa amayenda pa makina a Nintendo basi. Pa PlayStation ayi, pa Xbox ayi, ndipo zimene muzione pafoni zolembedwa Zelda musazikhulupirire. Mwanayo ali ndi Switch ija anamusiyira msuweni wake, eti? Ndiye alamu ayang'ane bokosi lolembedwa Nintendo Switch. Kunatuluka Switch 2 mu June 2025, ndipo gemu yopangidwira Switch 2 yokha siyenda pa yakaleyo. Zakuti agula ku Joni musade nazo nkhawa, kakhadi ka Switch sikasankha dziko.

Tsopano iti? Ine ndikuti Breath of the Wild, ya 2017. Mwana wa zaka 12 imeneyo ndiye yake. Link amadzuka atagona zaka 100, sakukumbukira chilichonse, ufumu unapasuka, ndiye gemuyo imangomutsegulira dziko lonse kuti pita kumene ukufuna. Phiri lililonse limene ukuliona patali ungathe kulikwera, bola mphamvu zisakuthere pakati. Mvula ikagwa miyala imaterera, umagwa. Ukapita kozizira opanda chovala chofunda umafa ndi chisanu, pokhapokha uphike chakudya cha tsabola kuti thupi litenthe. Eee, amaphika ndithu, mumphika, pamoto. Kukachita ziphaliwali uli ndi lupanga lachitsulo kumsana, mphezi imakupeza. Malupanga nawonso amathyoka, ndiye mumumva akudandaula, mungomusiya. Chimene ndimaikondera n'chakuti simuuza mwana chochita pa sitepe iliyonse. Muli timanyumba toyesera nzeru tokwana 120, amatitcha shrine, ndipo vuto limodzi ungalithetse m'njira zingapo. Mwana amakhala pansi n'kuganiza.

Alamu apezanso Tears of the Kingdom, ya 2023. Ndi yabwino kwambiri, mwina kuposa inzakeyo, koma ndi yopitiriza nkhani ya Breath of the Wild, dziko lake lomwelo, kungowonjezera zilumba za m'mwamba ndi dziko la mdima pansi pa nthaka. Mmenemo umalumikiza matabwa, mateyala ndi timainjini n'kupanga galimoto, bwato kapena chouluka, ngati mmene tinkapangira magalimoto a mawaya. Imeneyo idikire chaka chamawa. Akayamba nayo, yoyambayo adzaiona ngati yoperewera.

Pamene ndikufuna alamu asamale ndi apa. Pali ina yotchedwa Hyrule Warriors, makamaka Age of Calamity ya 2020. Pabokosi pali Link yemweyo, Zelda yemweyo, zojambula zake kufanana ndendende ndi Breath of the Wild, ndipo munthu wosadziwa angatenge imeneyo akaona kuti yatsikirako mtengo. Koma imeneyo ndi nthambi chabe, inapangidwa ndi kampani ina ya Koei Tecmo mogwirizana ndi Nintendo. Mmenemo ndi nkhondo yokhayokha, kudina mabatani n'kumagwetsa adani mazanamazana nthawi imodzi. Siyoipa, koma si imene mwana akutanthauza akamati Zelda. Yatsopano yake, Age of Imprisonment, ndi ya Switch 2 yokha, ndiye imeneyo asaiyang'ane n'komwe. Palinso Cadence of Hyrule ya 2019, yoyenda motsatira kugunda kwa nyimbo. Nayonso ndi nthambi.

Za kutsatana kwa nkhani musavutike nazo. Magemu ambiri a Zelda amaima paokha, Link wa gemu ina si Link wa inzake, amasiyana mibadwo. Anthu akuluakulu ndevu pepeya amakangana pa intaneti kuti inayamba ndi iti m'mbiri ya Hyrule. Nintendo inati nkhani imayambira pa Skyward Sword ya 2011, ngakhale inatuluka mochedwa choncho, koma mwana safunika kudziwa zimenezo kuti asangalale. Ife akale timalumbirira Ocarina of Time ya 1998, ya pa Nintendo 64. Kungoti pa Switch imafuna kulipira ya pa intaneti chaka ndi chaka, ndiye kwanuko ndi mabandulo athuwa, isiyeni.

Zaufiti zija. Sindikubisirani, mu Breath of the Wild matsenga alimo. Muli zilombo, mizimu ya anthu akale, ndi mulungu wamkazi wopeka dzina lake Hylia amene Link amaima pa fano lake kuti awonjezere mphamvu. Zonse n'zongopeka za dziko limenelo, palibe chimene mwana angatengeko kukachita kunja. Magazi mulibe, chilombo chikagonja chimangosanduka utsi. Ku Ulaya anaiika pa zaka 12 kupita m'tsogolo. Koma nyumba ndi yanu, ndiye tsiku loyamba mukhale naye muone nokha. Chimene ine ndingaope kwambiri ndi nthawi, chifukwa gemu imeneyi siitha msanga, ndipo Switch ili ndi batire, magetsi akathima iye amapitiriza ali m'bulangete. Pali pulogalamu ya pafoni ya Nintendo yoti makolo aziikira malire a maola, ndidzakuikirani ndikabwera.

Aa, ndikanaiwala kamtsikana kathu, kachita nsanje. Ngati ndalama zilola, Echoes of Wisdom ya 2024 ndi imene umasewera ngati Zelda mwiniwakeyo, akupita kukapulumutsa Link. Kapena Link's Awakening, ya 1993 imene anaikonzanso mu 2019, anthu ake ooneka ngati tizidole. Zonse ziwiri n'zofewerapo, kungoti pamafunika kuwerenga Chingelezi pang'ono, mkulu wakeyo azimuthandiza. Alamu asanalipire ajambule bokosilo kutsogolo ndi kumbuyo anditumizire, ndipo ngati ndi yogwiritsidwapo kale atsegule aone kuti kakhadi kalimo. Moni kwa onse kunyumbako.