Kodi "executrix" wa mu wilo ndi wothandizira chabe?

Mayi,

Pepani ndi imfa ya bambo a kunyumba. Mwalemba kuti wilo yawo, yolembedwa m'Chingerezi, ikukutchulani kuti "sole executrix", ndipo alamu anu akuti ameneyo ndi wothandizira chabe, kotero pafunika mwamuna wa kwawo kuti akhale "executor" weniweni. Alamu anuwo akulakwitsa. Musapereke makiyi, mabuku a kubanki kapena mapepala a nyumba chifukwa cha mawu amenewo.

Executor ndi executrix ndi udindo umodzi: munthu amene malemu anamusankha kuti akwaniritse zimene analemba mu wilo. Kusiyana kwa mathero a mawuwa kunachokera ku Chilatini. M'chinenero chimenecho wochita chinthu akakhala mwamuna dzina lake limathera ndi -tor, akakhala mkazi limathera ndi -trix. Wopambana pankhondo ankatchedwa victor, wamkazi victrix. Mfumu yaikulu imperator, yaikazi imperatrix. Ife sitisiyanitsa motero, mphunzitsi ndi mphunzitsi kaya ndi bambo kaya ndi mayi, n'chifukwa chake anthu akaona mawu awiri amaganiza kuti ndi maudindo awiri, wina wamkulu wina wamng'ono. Tsegulaninso wiloyo muone liwu lili kutsogolo, "sole". Limenelo likutanthauza kuti ndinu nokha, palibe wachiwiri.

Mawuwa anakhazikika m'malamulo a ku England chifukwa nkhani za mawilo zinkaweruzidwa m'makhoti a mpingo mpaka mu 1858, ndipo zolemba za makhoti zinali m'Chilatini mpaka mu 1733. Malamulo athu ambiri tinatengera kumeneko, ndiye maloya tikadalembabe testatrix ponena za mayi wolemba wilo, ndi administratrix ponena za mayi amene khoti lamupatsa mphamvu yoyendetsa chuma pomwe palibe wilo. Ma executrix akakhala angapo amatchedwa executrices. M'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku mathero amenewa anatsala m'mawu ochepa monga aviatrix, dzina limene ankatchulira Amelia Earhart, yemwe anawoloka nyanja ya Atlantic yekha pandege mu 1932.  Masiku ano maloya ambiri amangolemba executor kwa aliyense, ndipo ine ndimaona kuti n'kwabwino kutero, chifukwa mikangano ngati yanuyi imapeweka.

Maganizo a alamu anu analipodi kale ku England. Mkazi wokwatiwa sankatha kugwira udindowu popanda chilolezo cha mwamuna wake, mpaka lamulo la Married Women's Property Act la 1882 linamulola kuugwira payekha. Kuno kwathu gawo 24 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limapatsa amayi ufulu wofanana ndi abambo pa nkhani ya chuma, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, silifunsa ngati wosankhidwayo ndi mwamuna kapena mkazi.

Tsono nazi zoyenera kuchita. Sungani wilo yeniyeniyo pamalo otetezeka, osaichotsa mapini, osalembapo kanthu ngakhale ndi pensulo. Achibale akafuna kuiwerenga apatseni fotokope. Pezani chiphaso cha imfa. Lembani mndandanda wa katundu yense ndi ngongole zonse, kuyambira nyumba, galimoto ndi ndalama za kubanki mpaka ngongole ya kusitolo. Mukatero mupemphe ku Khoti Lalikulu chikalata chotchedwa probate, chotsimikiza kuti wiloyo ndi yovomerezeka ndi kuti woiyendetsa ndinu. Khoti limayang'ana ngati wiloyo inalembedwa, ngati malemu anaisainira, komanso ngati panali mboni ziwiri zimene zinasainanso. Akubanki ndi a ofesi ya za malo adzafuna kuona chikalata chimenecho asanakuloleni kukhudza kanthu.

Apa ndikuchenjezeni, chifukwa ambiri amapunthwira pomwepa. Kukhala executrix sikukupangani mwini wa chuma chonse. Mumayamba mwalipira za maliro ndi ngongole, kenako n'kugawa zotsalazo monga momwe wilo yanenera, ngakhale itapereka munda kwa mlamu yemwe akukuvutitsaniyo. Risiti iliyonse muisunge, ndipo ndalama za malemu musazisakanize ndi zanu. Olandira chuma ali ndi ufulu wokufunsani mmene mwayendetsera zinthu, ndipo khoti likhoza kukuchotsani mukaononga. Ngati mukuona kuti ntchitoyi yakukulirani mukhoza kuikana polemba kukhoti musanayambe kuigwira, koma mukane mwa kufuna kwanu, osati chifukwa mwaopsezedwa pamsonkhano wa banja.

Alamu anu akakhala ndi chifukwa chenicheni chokayikira wiloyo, monga kuti siginecha si ya malemu, njira yawo ndi kukadandaula kukhoti. Akatenga katundu mwa mphamvu, kumeneko ndi kulanda chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 limati ndi mlandu. Zikafika pamenepo lembani chimene chatengedwa, tsiku lake ndi amene anaona, n'kukanena kupolisi ku Victim Support Unit. Ngati ndalama za loya zikuvuta, pitani ku Legal Aid Bureau mutatenga wilo, chiphaso cha imfa, chiphaso chanu cha unzika ndi umboni wa ukwati wanu.