Kodi ndilipire pulogalamu yosungira mapasiwedi, kapena ya mu foni ikukwana?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi foni ya Android ndi laputopu ya Windows. Ndikalowa pa Facebook kapena pa imelo, Chrome imandifunsa ngati isunge pasiwedi, ine n'kuvomera. Mnzanga wa kuntchito akuti zimenezi n'zoopsa, ndilipire 1Password. Kodi ndalamayo ingapite pabwino? Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, musafulumire kutulutsa ndalama. Chimene chimakufunsani chija ndi Google Password Manager. Imakupangirani pasiwedi yaitali yosiyana pa tsamba lililonse, n'kumailemba yokha mukamalowa. Mukatsegula passwords.google.com n'kusankha Password Checkup, ikuonetsani mapasiwedi amene anagwera m'manja mwa akuba ndi amene mwawabwereza m'malo angapo. Ntchito yaikulu ya pulogalamu yolipira ndi yomweyi. Amene ali ndi iPhone nawonso ali ndi yawo yaulere, yotchedwa Passwords, imene inabwera ndi iOS 18 mu 2024.

Komabe mnzanuyo ali ndi mfundo. Mapasiwedi osungidwa mu foni amatsegulidwa ndi PIN yomwe ija mumatsegulira foniyo. Munthu akakusuzumirani mukudina manambala anayiwo m'minibasi, kenako n'kukutsomphola foni potsika, watenga zonse, imelo ndi Facebook pamodzi. Choncho PIN ikhale ya manambala 6 kapena kuposa, isakhale chaka chanu chobadwa, ndipo pagulu muzitsegula ndi chala. Mu akaunti ya Google yatsani 2-Step Verification (chitsimikizo chachiwiri chimene chimafunsidwa polowa, kuonjezera pa pasiwedi), mukopere papepala ma backup code 10 amene amaperekedwa. Foni ndi SIM zikatayika tsiku limodzi, pepala limenelo ndi limene lidzakulowetseni.

Pa laputopu vuto ndi mavairasi oba mapasiwedi, monga RedLine, amene nthawi zambiri amabwera atabisala m'mapulogalamu okuba otsitsa mwaulere. Google inalimbitsa chitetezo chake pa Windows mu Chrome 127, mu 2024, koma kompyuta ikalowedwa kale palibe pulogalamu, ngakhale yolipira, imene tingakulonjezeni kuti yatetezeka.

Nanga wolipira amapindula chiyani? Mapasiwedi ake amatsekedwa ndi pasiwedi yaikulu yapadera, yosakhudzana ndi PIN ya foni kapena akaunti ya Google, ndipo amayenda naye pa Android, iPhone, Windows, Firefox, paliponse. 1Password imaonjezera kiyi yachiwiri yachinsinsi, Secret Key, ya zilembo ndi manambala 34 imene kampaniyo siisunga. Ubwino wa kiyi yotereyi unaoneka ndi zimene zinagwera LastPass, kampani ina yosunga mapasiwedi, mu 2022: akuba anakopera nkhokwe za makasitomala, ndipo chimene chinatsala pakati pa iwo ndi mapasiwedi a anthu chinali pasiwedi yaikulu yokha. Amene anaika yaifupi anali pangozi. Dziwaninso kuti mukaiwala pasiwedi yaikuluyo, kampani singakuuzeni chifukwa nayonso siidziwa. Ilembeni papepala, muisunge pamodzi ndi zikalata za nyumba.

1Password ilibe yaulere, ndipo malipiro ake ndi a ndalama zakunja, kudzera pa kadi ya ku banki. Ndi mmene madola amavutira kuno, ganizirani kawiri, chifukwa malipiro akadukiza akaunti imaumitsidwa: mumaona mapasiwedi anu koma simungasinthe kapena kuonjezera. Ngati mukufuna pasiwedi yaikulu yapadera osalipira kanthu, tengani Bitwarden. Yaulere yake ilibe malire pa kuchuluka kwa mapasiwedi kapena kwa zida.

FUNSO: Ndili ndi kaofesi ka anthu asanu. Pasiwedi ya imelo ya ofesi ndi ya tsamba lathu la Facebook timatumizirana pa WhatsApp. Mmodzi wasiya ntchito mwezi watha. Nditani? Bambo wa ku Mzuzu

YANKHO: Bambo, sinthani pasiwedi ya imeloyo lero, ndipo mu Security ya akauntiyo mutulutse zida zonse zimene simukuzidziwa. Onaninso nambala ya foni ndi imelo yobwezeretsera akaunti, ingakhale ili ya amene anachokayo. Anthu ambiri amaiwala pamenepa, n'kudabwa mwini wakale walowanso.

Za Facebook sizifuna n'komwe kugawana pasiwedi. Mu Settings ya tsambalo muli Page access: aliyense mumamuika ndi akaunti yakeyake, akachoka mumamuchotsa.

Pa zotsalazo, inu ndiye tingakulangizeni kulipira. Zaulere za Google ndi Apple zimatha kugawana mapasiwedi, koma ya Google ndi ya anthu a m'gulu la banja, ya Apple imafuna kuti onse akhale ndi zida za Apple. Ofesi imafuna nkhokwe imodzi yokhala ndi woyang'anira, amene amasankha kuti uyu aone za imelo zokha, uyo aone ndi za ku banki, ndipo wosiya ntchito amatsekeredwa nthawi yomweyo. Bitwarden imalola anthu awiri kugawana mwaulere; asanu mufunika kulipira, kaya kumeneko kaya ku 1Password. Ngakhale mutamutsekera munthu, mapasiwedi amene ankawaona asintheni ndithu, mwina anawalemba pena.

Posamuka kuchoka mu Chrome, tsegulani Google Password Manager, pitani pa Settings, musankhe Export passwords. Mupeza fayilo ya CSV imene mukailowetse mu pulogalamu yatsopanoyo ndi Import. Chenjerani nayo fayiloyi: mapasiwedi onse ali poyera, aliyense angawawerenge ndi Excel. Musaitumize pa WhatsApp kapena pa imelo. Mukatsimikiza kuti zonse zalowa, ifufuteni mu Downloads ndi mu Recycle Bin momwe, kenako muzimitse Offer to save passwords mu Chrome kuti mapulogalamu awiriwa asamalimbirane kusunga pasiwedi imodzi.