Pulojekita inandivula pamaso pa apongozi tsiku la fainolo ya ku Qatar

Achimwene, funso lanuli ndaliona ndili pamzere kuchigayo, ndipo thumba ndamusiyira mwana kuti ndikuyankheni, chifukwa mwandikumbutsa za pa 18 Disembala 2022, tsiku la fainolo ya mpira wa World Cup. Njira ziwiri mukufunsazo, yokhoma nokha pulojekita ya m'bokosi ija mwaona pa YouTube ndi yogula yogwirapo kale ntchito, ine ndinaziyenda zonse m'chaka chimodzi, ndi ndalama za soya wa chaka chomwecho. A admin mundikhululukire, ndilemba zambiri.

Ndinayamba ndi yopanga ndekha. Nditagulitsa soya mu Juni, mutu unakula. Ndinati ana anga kuno kwa Kamwendo azionera makatuni pakhoma ngati ku sinema, ine ndizionera mpira nditakhala pampando wanga osati pabenchi la ku vidiyo sho. Pa YouTube zimaoneka zophweka: bokosi la pulayiwudi, babu ya LED ya mawati 100 kumbuyo, magalasi awiri afulati amizeremizere aja amati Fresnel, pakati pake sikirini ya LCD yochotsa chakumbuyo chake chowalitsa, kutsogolo lenzi yoponyera chithunzi, ndiye mafani. Mzungu wa mu vidiyo uja amamaliza m'mphindi 15, nyimbo ikulira. Sakuuzani kuti zinthu zakezo anaitanitsa zonse zogwirizana, zinamupeza pakhomo. Ine magalasi ndinachita kugwetsa overhead projector yakufa, makina akale aja oonetsera zolemba pakhoma m'kalasi, yomwe ndinagula kwa munthu ku boma, sikirini ndinachotsa ku laputopu yakale, ndipo sikirini ya laputopu payokha siilandira HDMI, waya uja wobweretsa zithunzi kuchokera ku dikoda, imafuna kabodi kakekake koyendetsera. Kabodi ako ndinadikira masabata asanu. Kalipentala anakhoma bokosi katatu, chifukwa ukaphonya mtunda wa pakati pa babu, galasi ndi lenzi ndi chala chimodzi chokha, pakati pamaoneka bwino koma m'mbali muli chifunga.

Tsiku loyatsa chithunzi chinatuluka chozondoka, osewera akuthamanga mitu ili pansi. Icho tinakonza, n'kungotembenuza sikirini. Chimene sichikonzeka ndi kuwala. Sikirini ya LCD imadya kuwala, achimwene. Kuwala kotuluka kutsidya sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala kwa babu, kwinako kumasanduka moto m'bokosimo. Ndiye babu yoti ukaiyang'ana maso amachita nthenthe, pakhoma imapereka chithunzi ngati cha nyali ya koloboyi. Timaonera pakati pa usiku pokha, zitseko zotseka, munthu akayatsa tochi ya foni filimu yasowa. Sabata yachitatu pakati pa chithunzi panabadwa kadontho kakuda, kenako kanakula ngati chigamba. Sikirini inapsa ndi kutentha. Nditawerengera zonse, thiransipoti ya ku boma ndi ya ku Lilongwe, kalipentala, mawaya, zinapitirira K90,000. Mayi a kunyumba anangoti, "Bokosi lanulo likhoza kukhala chikwere cha nkhuku."

Ndiye World Cup yayamba pa 20 Novembala, ine khoma ndapaka kale laimu, anthu ndawauza kale. Manyazi anandikankha. Ndinaona munthu pa Facebook akugulitsa pulojekita, akuti yachokera ku Joni, "yogwira pang'ono, ya mu ofesi". Ndinakwera minibasi m'bandakucha mpaka ku Lilongwe, tinakumana pafupi ndi depoti. Mnyamata wovala bwino, wolankhula mwaulemu, "bwana" pa mawu aliwonse. Tinalowa m'kashopu ka mnzake, anaiyatsa masana dzuwa lili phwee, mwina mphindi zitatu. Anatsegula menyu n'kundionetsa: "Onani bwana, babu yangoyaka maola 312 okha." Ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikudziwa. Anati K150,000, tinatsitsana mpaka K125,000, ndinatumiza pafoni pomwepo. Lisiti panalibe, rimoti panalibe, chikwama chake chinali jumbo.

Kunena zoona masiku oyamba ndinasangalala. Poyerekeza ndi bokosi langa lija kunali ngati kutuluka m'dzenje. Morocco itachinya Portugal 1-0 pa 10 Disembala pabalaza panga panali anthu 15, tinakuwa mpaka agalu a m'mudzi anayankha. Koma usiku womwewo chithunzi chinkaphethira, kuwala n'kutsika, n'kubwereranso, ndipo kanyali kena pamwamba pake kankathwanima kofiira. Ndinamuimbira mnyamata uja. "Ndi magetsi a kwanuko bwana, osadandaula." Ndinakhulupirira, chifukwa chaka chimenecho mukukumbuka momwe magetsi ankavutira chiwonongekere Kapichira ndi namondwe Ana mu Januwale.

Apa ndi pamene ndinagula mbereko mwana asanabadwe. Ndinati pa fainolo ndibwezeko ndalama zanga, aliyense K300 pakhomo. Ndinabwereka mabenchi kutchalitchi, kajenereta kwa mnyamata wometa, petulo malita atatu. Mpira unkayamba 5 koloko madzulo, Disembala dzuwa likadali m'mwamba, ndiye mawindo onse ndinatseka ndi mabulangete, mpata wa pansi pa malata ndinatsekera masaka. Ana ankakonda kuika zala kutsogolo kwa lenzi kupanga akalulu pakhoma, choncho pulojekita ndinaiika pamwamba pa kabati, m'katoni yoboola kutsogolo. Anthu analowa 43, ndinawerenga ndekha. Kutsogolo pampando wanga weniweni panakhala apongozi aamuna, omwe anapalasa njinga kuchokera kumudzi atamva kuti mkamwini wawo ali ndi sinema m'nyumba. Iwowo sindinawalipiritse, musandifunse.

M'nyumbamo munali ngati mu uvuni wa njerwa. Thukuta, fungo la chimanga chootcha, jenereta ikulira kuseri. Messi anagoletsa penate, Di Maria anawonjezera, pa hafu Argentina 2, France 0. Pa hafupo ndinagwira katoni ija, inali yotentha ngati mphika, fani mkatimo ikulira ngati njuchi. Mtima unandiuza kuti zimitsa ipume. Koma ndani angazimitse anthu 43 akuyang'ana? Mphindi ya 80 Mbappé penate, 2-1. Anthu asanakhale pansi, mphindi ya 81, Mbappé yemweyo anaumenya uli m'malere, 2-2. Nyumba inagwedezeka, benchi limodzi linathyoka, wina anandikumbatira osandidziwa. Ndiye akubwereza chigolicho pang'onopang'ono, mpira uli m'mwamba, mwendo wa Mbappé wanyamuka...

Phuu!

Ngati wina waponda babu ndi nsapato. Mdima wa ndiweyani, kafungo ka zopsa, tizidutswa ta galasi tikuchita waya-waya m'katoni. Mawu okha a wolengeza ndi omwe ankamveka pa sipika, akukuwa, ife osaona kanthu. Kwa kanthawi kunali zii. Kenako wina kumbuyo anati, "Ndalama zathu!" Achimwene, sindinaonepo anthu akutuluka pakhomo limodzi mwa njira imeneyo. Ena anathamangira kumabala a pa trading, ena anandizungulira ndi matochi a foni kumaso. Ndinabweza ndalama mumdima, ndipo ndikukuuzani, analowa 43 koma ndinabwezera anthu oposa 50. Mayi wina amene sindinamuone n'komwe pakhomo analandira K600, akuti ya iye ndi ya mwana. Sipika nayo wina anakoka waya pothawa, mawu n'kuduka. Nthawi yowonjezera yonse, chigoli cha Messi, chachitatu cha Mbappé, mapenate a 4-2, ine ndinazimvera ku mfuu ya anthu a ku trading, ndikungoganiza kuti kaya wagoletsa ndani.

Apongozi sanasunthe pampando. Anthu onse atatha, mumdima momwemo, anatsokomola n'kunena mofatsa kuti, "Akamwini, wailesi mulibe m'nyumba muno?" Bola akanandilalatira. Mpaka lero kukakhala maliro kapena chinkhoswe kumudzi kwa mayi a kunyumba, alamu anga amandilonjera kuti "a sinema afika".

Mnyamata uja ndinamuimbira usiku womwewo, foni inaitana kawiri n'kudulidwa. M'mawa WhatsApp tiki imodzi, chithunzi chake chachoka. Pa Facebook dzina linasintha. Ndinawononganso thiransipoti kupita ku kashopu kaja, mwini wake n'kumandiyang'ana m'maso kuti, "Amene uja ndimangomubwereka soketi, sindimudziwa." Simumudziwa bwanji munthu amene munkadya naye chipisi mbale imodzi ine ndikuona? Anthu inu mumadyera anzanu masuku pamutu, mukudziwa kuti wochokera ku Mchinji sangabwerenso kawiri. Ngati uli m'gulu lino ndi dzina lina, ukudzidziwa, soya ameneyo ndinalima ndi khasu.

Patapita miyezi ndinaitengera kwa wokonza wina ku Chipata, kudutsa pa Mwami. Atatsegula anaseka. Anati maola a babu aja amafufutika mu menyu momwemo, aliyense akhoza kuwabwezera pa ziro, ndiye 312 ija inali nambala yongondikonzera. Babu yakeyo inali yotopa kale, komanso sinali yeniyeni, inali yotchipa yongoikamo. Sefa ya fumbi inali itatsekeka ngati chisa cha mbewa. Anandiuzanso kuti mababu amenewa ali ndi mercury mkati pa mphamvu yaikulu ya mpweya, akaphulika mumayenera kutsegula mawindo anthu n'kutuluka, pamene ine ndinaimirira momwemo kuwerenga makwacha. Kenako anafunsa kuti ndinaiika pati, ndipo nditatchula katoni ndi kajenereta anagwira kumutu, akuti ngakhale yatsopano ikanafa. Izo ndi zake. Ine ndikuti akanandigulitsa yabwino ikanapirira mpaka mapenate.

Ndiye malangizo anga ndi awa: gulani yogwirapo kale ntchito. Inde, ndikudziwa zomwe ndangofotokozazi. Komabe yopanga nokha siingafike pa kuwala kwa ya fakitale, ya mu ofesi wamba imakhala ndi ma lumens a ANSI, muyezo wa kuwala, cha m'ma 2,500 mpaka 3,500, bokosi lanu silidzayandikira n'komwe. Kungoti pogula musachite changa. Muiyatse mphindi 30 kapena kuposa, muone ngati ikuphethira kapena kuzima yokha ikatentha. Nambala ya maola musaikhulupirire, khulupirirani maso anu, ndipo mtengo wa babu yatsopano ya modelo imeneyo muufufuze musanapereke ndalama, muuwonjezere pa mtengo wogulira. Mababu amenewa amakhala maola masauzande ochepa chabe, ndipo zonsezi n'zoitanitsa kunja. Babu yanga yatsopano ndinazengereza kugula, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinalira nayo. Muonetse chithunzi choyera chokhachokha, kenako chakuda. Mukaona timadontho toyera ngati nyenyezi, imeneyo ndi pulojekita ya mtundu wa DLP yomwe tigalasi take tating'ono tayamba kufa, ndipo timadonthoto timachulukirachulukira. Mukaona chigamba chachikasu kapena chabuluu, ndi ya LCD yopsa mkati. Zonsezo zisiyeni ngakhale atsitse bwanji. Muyang'ane kumbuyo ngati pali HDMI, chifukwa zakale zambiri zili ndi VGA yokha, soketi yakale ija ya kompyuta, ndipo dikoda yanu idzafuna kachosinthira komwe nthawi zina kamakana. Mawu oti "supports 1080p" asakunamizeni, funsani native resolution, kuchuluka kwenikweni kwa timadontho topanga chithunzi chake: 800x600 ndi ya zolemba za m'kalasi, pa mpira sikoa siioneka bwino, yesetsani 1280x800 kupita m'mwamba. Tija tating'ono tatsopano totchipa tolembedwa ma lumens masauzandemasauzande pakatoni, mkati mwake ndi bokosi langa lomwe lija, LED, Fresnel ndi LCD imodzi, angolivala pulasitiki. Ubwino wake wokha ndi woti sitiphulika ndipo sitidya magetsi ambiri.

Magetsi akazima mwadzidzidzi fani imaima babu ikadali moto, ndipo zimenezo zimaifupikitsa moyo, ndiye ka UPS, kabatire kosunga magetsi kwa kanthawi, n'kofunika kuti muzimitse bwinobwino. Ya babu imakoka mawati cha m'ma 250 mpaka 300, kasola ka nyali zitatu sikangainyamule. Sefa muzipukuta, fumbi la kuno mukulidziwa m'mwezi wa Okutobala. Katoni ayi.

Kapena mungogula TV ya mainchesi 43 mugone tulo, ndi zomwe mayi a kunyumba ananena tsiku loyamba. Ngakhale ineyo yangayo sindigulitsa, chiikireni babu ina ikugwira bwinobwino, Loweruka ana a m'mudzi amadzaza pabalaza, ulere. Ndipo kunena chilungamo, pa ziwirizi yomwe sinandichititse manyazi pagulu ndi ya bokosi ija, mwana wanga wamkulu anaphunzirapo kuwotcherera mawaya ndipo pano amakonza matochi a anthu. Ngati mwatsimikiza zokhoma yanu, magalasi a Fresnel aja ndi lenzi akadali pamwamba pa kabati, mundipeze ku inbox mudzatenge mukamadutsa pa Kamwendo. Bokosi lokha musafunse, muli nkhuku ikufungatira mazira.